Bambo Anandipumitsa Chaka

Bambo anga sankakhulupirira zopuma. Ndikadwala ankandipatsa mankhwala, kenako n'kundipatsa buku. Tchuthi chikafika ankati ndiyo nthawi yabwino yowerengeratu za teremu yamawa. Choncho tsiku limene anandiuza kuti ndipume chaka chathunthu, ndinkayenera kudabwa. Sindinadabwe. Ndinasangalala. Nkhani yanga yonse yagona pamenepo.

1

Bambo ndi dalaivala. Kwa zaka zambiri akhala akuyendetsa galimoto ya chipatala cha maso, kunyamula madokotala ndi makina awo kupita nawo kumadera akutali. Madokotala akamayeza anthu, iwo amaima pakhomo n'kumaonerera. Kuonererako kunawalowa m'mutu. Kuyambira ndili wamng'ono ndinkamva ulaliki umodzimodzi.

"Ntchito ndi yoyeza maso. Umavala zoyera, umakhala pamthunzi, ndipo anthu sadzasiya kukalamba."

Ndinakula ndikudziwa kuti ndidzayeza maso, monga mmene ana ena amakulira akudziwa kuti ali ndi mphumu.

Nditamaliza sekondale ndinakhoza bwino, ndipo koleji ya zaumoyo inanditenga. Maphunziro oyeza maso amatenga anthu ochepa kwambiri pachaka. Ena amaikidwa pamzere wodikira, kuti wina akasiya malo, woyamba pamzerewo alowe. Ine sindinali pamzere. Ndinali m'kati.

Mayi, amene amagwira ntchito pamalo ochapira ndi kusita zovala, anandigulira sutikesi. Anaiika pamwamba pa kabati m'chipinda mwanga ikadali m'pulasitiki mwake. Bambo anauza aliyense: anzawo akuntchito, wometa tsitsi, ngakhale wapolisi amene anawaimitsa pamsewu.

Kutatsala milungu yochepa kuti koleji itsegule, Bambo anasiya kuuza anthu. Anayamba kusiya chakudya m'mbale. Loweruka lina masana anandiitana pabalaza. Mayi anali pakona akusita yunifolomu ya Bambo.

"Mwana wanga, wawerenga kwambiri," Bambo anatero. "Bwanji upume chaka?"

Mayi anaimika simbi.

"Apume? Watopa ndi chiyani?"

"Ubongo, amake mwana. Ubongo umatopa. Madokotala amanena."

"Madokotala a maso?"

"Dokotala ndi dokotala."

Anafotokoza kuti ana a madokotalawo ndi mmene amachitira. Akamaliza sekondale amapuma chaka, amaona dziko, amaphunzira ntchito zamanja, n'kukalowa koleji atakhwima. Anati koleji imasunga malo a munthu. Anatinso zokambirana ndi akuofesi tiwasiyire iwo, chifukwa amadziwana nawo.

Kunena zoona, ndinali nditatopadi. Zaka zonse za sekondale ndinazithera patebulo lomwelo la pabalaza, zigongono zanga mpaka kuchotsa penti. Panalibe munthu amene anandifunsapo ngati ndatopa. Ndinavomera Bambo asanamalize n'komwe kulankhula.

Mayi anawayang'ana Bambo kwa nthawi yaitali. Kenako anabwerera ku kolala ya malaya.

2

Chakacho tinachikonza ngati ukwati, aliyense ndi maganizo ake. Ine ndinkafuna kugona mpaka dzuwa lindipeze pabedi, kuphunzira kusambira, ndi kupeza kantchito. Bambo ankafuna chinthu chimodzi chokha: ndipite kwa azakhali, alongo awo, amene amaweta nkhuku kutali, ulendo wa tsiku lonse pabasi.

"Kumeneko kuli mpweya wabwino," anatero.

"Kuli nkhuku, Bambo."

"Nkhuku zimaphunzitsa udindo."

"Nanga bwanji mundipemphere kantchito kuchipatala kwanuko? Ngakhale kokolopa. Ndizionerako mmene amayezera maso."

Bambo anatsamwa ndi tiyi.

"Za maso uzisiye chaka chino. Kupuma ndi kupuma."

Ameneyu anali munthu amene anayamba kundilalikira za maso ndisanamere mano. Ndinangoti mwina ndi ukalamba.

Ndinapita kwa azakhali. Kupuma kwake kunali kudzuka m'mamawa, kupala ndowe m'makola, kutsuka zomwera, kutola mazira ndi kuwapukuta limodzilimodzi. Dziko limene ndinaliona linali la mapiko ndipo linkanunkha. Kusambira sindinaphunzire, ngakhale kuti ndinagwerapo m'thanki ya madzi. Azakhali ndi munthu wabwino, koma amalankhula ndi nkhuku kuposa anthu, ndipo nkhukuzo ndi zimene amazifunsa mmene zagonera.

Mwezi wachiwiri usanathe ndinaimbira foni Mayi.

"Mayi, ndapuma mokwanira."

"Bwera," anatero. "Pali madamu ena amene amachapitsa makatani kuntchito kwathu kuno. Ali ndi sitolo ya magalasi a maso, ndipo akufuna mtsikana wapakauntala."

Bambo atandipeza kunyumba sanakalipe. Anangoyang'ana chikwama changa.

"Azakhali ako asungulumwa."

"Ali ndi nkhuku," Mayi anayankha. "Mwanayu wapeza ntchito m'tauni."

"Ntchito yanji?"

"Yogulitsa magalasi."

"Usamale, mwana wanga," Bambo anatero. "Amacheka amenewo."

Ankaganiza kuti ndi magalasi a mawindo. Ndinayang'ana Mayi. Mayi anayang'ana simbi. Palibe amene anawakonza.

3

Sitoloyo inali yopapatiza, pakati pa malo ogulitsira mankhwala ndi sitolo ya nsapato. Makoma onse awiri anali odzaza ndi mafelemu a magalasi, mazanamazana a maso opanda kanthu akuyang'ana aliyense wolowa. Kumbuyo kunali zipinda ziwiri: china cha makina odulira magalasi, china chamdima choyezeramo maso, chokhala ndi mpando umodzi waukulu ndi chikwangwani cha zilembo zimene zimanka zicheperachepera.

Mwini sitolo tinkangowatchula kuti Madamu. Anali mayi wamtali, magalasi awo akulendewera pachifuwa ndi katcheni. Ankawavala pokhapokha akafuna kuonetsetsa chinthu. Mayina a anthu sankawasunga.

"Mayi ako akuti ukupuma chaka. Ndiye ndiwe Wopuma."

Sanafunse kuti ndikupuma ku chiyani, ndipo ine sindinanene. Ndinali nditatopa kufotokozera anthu.

Ntchito yanga inali kupukuta mafelemu, kulandira anthu, ndi kuuza aliyense woyesa magalasi kuti amukhala. Yotsirizayi ndiyo inali ntchito yeniyeni.

Patapita miyezi, koleji inayamba kutumiza ophunzira a chaka choyamba m'masitolo ngati athu, kuti Loweruka lililonse azikaonerera ntchito. Kwa ife kunabwera mtsikana wamkulupo pang'ono kuposa ine, wa tsitsi lalifupi, atavala chikhoti choyera chimene chinkamukulira moti anachipinda m'manja. Ndinachiyang'ana chikhoticho monga mmene wanjala amayang'anira mbale ya mnzake.

"Unalowa bwanji kumeneko?" Madamu anamufunsa. "Akuti n'kovuta."

"Mwamwayi, Madamu. Ndinayesa kawiri, osatheka. Kachitatu anandiika pamzere wodikira, ndinali woyamba. Kenako mtsikana wina anasiya malo ake."

"Ndiye ndiwe Wamwayi. Uyu ndi Wopuma. Musamachezere pakauntala."

Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti mtsikana wosiya malo uja ndine. Sindinanene. Ndinkafuna ndimuone kaye munthu amene wavala chikhoti changa.

4

Ndinayesetsa kumuda. Zinakanika.

Wamwayi ankaseka ndi thupi lonse. Nthawi ya nkhomaliro ankagawa buledi wake pakati asanafunse ngati ndili ndi wanga. Kukakhala kulibe makasitomala ankandikhazika pampando wa m'chipinda chamdima kuti aphunzirire pa maso anga, ndipo Loweruka lililonse ankandipeza ndi matenda atsopano amene anali atangowaphunzira mlungu umenewo.

Anandiuza za kwawo. Analeredwa ndi mayi ake okha, amene amakolopa m'maofesi. Dzina limene ankalembera linali la kwa mayi akewo.

"Nanga bambo ako?"

"Alipo. Amabwera mwa apo ndi apo. Ali ndi banja lina, ndiye nkhani imeneyo sitiikamba. Koma si munthu woipa."

Tsiku lina kunabwera agogo ena kudzatenga magalasi awo oyamba. Atawavala anatiyang'ana tonse awiri, uku ndi uku.

"Kodi ana inu ndinu pachibale?"

"Magalasiwo akula mphamvu, agogo," Madamu anatero. "Tiyese ena."

Tinaseka. Madzulo a tsiku lomwelo, tikupukuta mafelemu tisanatseke, Wamwayi anati:

"Ukudziwa, mtsikana amene anasiya malo uja ndimamumvera chisoni."

"Chifukwa chiyani? Mwina akungopuma. Abwera chaka chamawa."

"Abwera bwanji? Koleji yathu sisunga malo. Ukasiya, wasiya. Umafunsiranso ngati wina aliyense."

Ndinapitiriza kupukuta felemu imene inali m'manja mwanga. Ndinaipukuta mpaka Madamu anandilanda, kuopa kuti itha.

Lolemba m'mawa ndinapita kukoleji. Mayi wa pawindo la ofesi anafufuza dzina langa pakompyuta, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Malo sitisunga, mwana wanga. Bambo ako tinawauza momveka bwino. Anati wamvetsa, ndipo iweyo ndi amene ukufuna choncho."

Ndinatuluka n'kukakhala pabenchi panja. Ophunzira ankadutsa ndi mabuku awo. Ndinkadziwa tsopano kuti Bambo anandinamiza, koma chifukwa chake sindinkachidziwa. Mlungu umenewo Bambo anali atapita kumadera akutali ndi madokotala. Ndinawauza Mayi. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Abwere," anatero.

5

Loweruka Wamwayi anafika kuntchito akuvina.

"Bambo anga abwera lero. Anandilonjeza chikhoti chondikwana. Uwaone, Wopuma, usamangoti ndinagwa kumwamba."

Cha kumasana ndinali nditagwada kuseri kwa kauntala, ndikufunafuna timabokosi ta magalasi. Ndinamva galimoto ikuima panja. Kulira kwa injini imeneyo ndinkakudziwa kuyambira ndili kamwana. Ndinaganiza kuti Mayi awaimbira foni, ndipo abwera kudzandifotokozera. Mtima wanga unafewako pang'ono.

Chitseko chinatseguka. Ndinaimirira.

Bambo anali atavala yunifolomu imene Mayi anasita. M'manja anali ndi jumbo, chinthu choyera chikuonekera m'kati.

"Bambo," ndinatero.

"Bambo!" anatero Wamwayi.

Tinanena pamodzi, ngati kwaya.

Madamu anavala magalasi awo.

Bambo anacheuka kuyang'ana chitseko, koma chinali chitadzitseka kale chokha. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana Wamwayi, n'kuyang'ana makoma.

"Unati ukugulitsa magalasi," anatero.

"Awa ndi chiyani, Bambo?"

M'chipinda chamdima munali kasitomala amene Madamu anamusiya akuwerenga zilembo. Anaitana: "Ndipitirize mzere wam'munsiwu?"

Wamwayi ankandiyang'ana, kumwetulira kuja kukuzimirira pang'onopang'ono.

"Wopuma," anatero. "Ukupuma ku chiyani?"

"Ku koleji yanu."

"Mtsikana uja ndiwe?"

"Ndine."

Anakhala pansi penipeni, pa simenti, chikhoti chake chachikulu chija chitamuzungulira.

Madamu anatulutsa kasitomala uja n'kumuuza kuti maso ake ali bwino mpaka Lolemba. Anakhoma chitseko, natilowetsa tonse atatu m'chipinda chamdima. Mpando unalimo umodzi wokha, wa odwala. Bambo ndi amene anakhalapo.

"Uyu ndi mkulu wako," anandiuza.

"Zimenezo ndaziona. Ine ndikufunsa za malo anga."

Anavula chipewa n'kupukutira nacho kumaso.

"Mkulu wakoyu anandiimbira foni akulira. Anati ali woyamba pamzere, ndipo akalephera ulendo uno sayesanso. Ndinaganiza kuti iwe ndiwe wanzeru, chaka chamawa ukalowa popanda vuto. Iwe ndinakupatsa dzina, nyumba, sukulu yabwino. Uyu chibadwire sindinamupatsepo kanthu kooneka. Ndinkafuna ndimupatse kanthu kamodzi kokha."

"Munamupatsa kanga."

"Ndinangobwereka, mwana wanga."

"Wobwereka amapempha."

Wamwayi anali ataimirira pakhoma, pafupi ndi chikwangwani cha zilembo.

"Munandiuza kuti ndisadandaule, malo apezeka. Ndinkayesa mukunena za mapemphero. Mayi anga anasala kudya masiku angapo pothokoza. Ine ndakhala ndikuuza dziko lonse kuti ndi mwayi." Kenako anatembenukira kwa ine. "Nawenso ankakuuza za kuvala zoyera ndi kukhala pamthunzi?"

"Ndi zoti anthu sadzasiya kukalamba."

"Zimenezo n'zoona," Madamu anatero ali pakhomo.

Bambo anatambasula dzanja kuti apereke jumbo ija. Palibe anailandira. Anaisiya pampando, natuluka.

6

Ndinafika kunyumba Bambo asanafike. Mayi anali kukhitchini akutsuka mbale. Ndinawauza zonse, kuyambira pa buledi mpaka pa jumbo. Ndinkayembekezera kuti mbale igwa. Sinagwe.

"Za mwanayo ndinkadziwa," anatero.

"Munkadziwa?"

"Tinakhala zaka zambiri opanda mwana iwe usanabadwe. Abale a bambo ako akabwera sankandiyang'ana kumaso, ankandiyang'ana pamimba. Ndiye bambo ako anakayesa kwina. Ndinamva, ndinalira, ndinakhala. Kenako unabwera iwe, ndipo ndinati zatha." Anatsukuluza kapu n'kuivundikira. "Za malo akozo ndiye zachilendo."

Bambo anafika dzuwa litapendeka. Analowa mwakachetechete ngati mlendo, n'kuima pakati pa balaza chipewa chili m'manja. Anayamba kufotokoza zomwe zija: kuti ine ndine wanzeru, kuti mnzangayo analibe kanthu, kuti chaka si kanthu pa moyo wa munthu.

Mayi anawalola amalize.

"Bambo ake, mwana amene munabereka kunja ndinamukhululukira kalekale, chifukwa sanadzibereke yekha. Inunso ndinakukhululukirani, ngakhale simunapemphe. Mukanabwera kudzandiuza kuti mwana uja wavutika, tikanakhala pansi. Mwina ndikanakukalipirani, koma tikanapeza njira. Inu munasankha kumudyetsa m'mbale ya wanga, ine ndikuona, ndikusita malaya anu."

"Amake mwana, ndinkaopa."

"Munkaopa ine, ndiye munabera mwana."

Analowa m'chipinda mwanga, nakwera pampando, natsitsa sutikesi yanga ya kukoleji. Anang'amba pulasitiki yake. Anapita nayo kuchipinda kwawo, ndipo tinkamva mahang'ala akulira. Atatuluka anaiika pamapazi pa Bambo. Zovala zonse anali atazipinda bwinobwino, chifukwa Mayi satha kupinda chovala molakwika ngakhale atakwiya.

"Mwagwira ntchito kwambiri, bambo ake," anatero. "Mabanja awiri si masewera. Nanunso mupume chaka."

Bambo anakapeza kachipinda ka lendi pafupi ndi chipatala.

7

Loweruka lotsatira Wamwayi anabwera wopanda chikhoti. Anandipeza ndikutsegula sitolo.

"Ndisiya," anatero. "Ndikawauza akuofesi kuti malowo ndi ako."

"Ukasiya, malowo sabwera kwa ine. Apita kwa wina. Ndiye tonse awiri tikhala opuma, ndipo Madamu asowa mayina."

"Ndiye nditani?"

"Ukavale chikhoti. Jumbo yako ili pansi pa kauntala."

Musaganize kuti ndinanena zimenezi mwachikondi. Ndinangowerengera mmene zinthu zilili. Kwa milungu yambiri sindinkamulankhula, kupatula "patsa kansalu" ndi "kasitomala akudikira". Buledi wake ankaugawabe pakati n'kusiya theka pakauntala. Ndinkalisiya mpaka liume. Tsiku lina ndinali ndi njala, ndipo ndinalidya. Ubale wathu unayambira pamenepo.

Nthawi yofunsira malo itakwana, ndinafunsiranso. Chaka chimenecho ofunsira anali ambiri, ndipo ena anakhoza kuposa ine. Sananditenge. Ngakhale pamzere wodikira sanandiike.

Mbali imeneyi ya nkhaniyi sindiiseka. Ndinalowa m'chipinda chamdima, ndinakhala pampando wa odwala uja, ndipo ndinalira mpaka zilembo zonse za pachikwangwani zinasanduka madontho, ngakhale chachikulu cha pamwamba. Anzanga a kusekondale anali akulowa chaka chachiwiri. Ine ndinali katswiri wouza anthu kuti magalasi awakhala.

Madamu sananditonthoze. Anatsegula chitseko n'kunena kuti, "Ukamaliza ubwere kumakina." Kuyambira tsiku limenelo anandiphunzitsa kudula magalasi, kuwasalaza m'mbali ndi kuwalowetsa m'felemu osawaswa. Ndinaswa ambiri. Wamwayi ankandibweretsera mabuku ake Loweruka lililonse, ndipo tikatseka sitolo ankandiphunzitsa zimene waphunzira mlungu umenewo. Ankaphunzitsa moipa, mothamanga, koma sanajombepo.

Bambo ankabwera kudzaimika galimoto tsidya lina la msewu. Sankalowa. Ankangokhala m'menemo, manja ali pachiwongolero, kenako n'kumapita. Atamva kuti sananditenge, anawoloka msewu koyamba. Anaima pakhomo.

"Ndinalakwitsa masamu, mwana wanga," anatero.

"Si masamu amene munalakwitsa, Bambo."

Anagwedeza mutu, nabwerera kugalimoto. Ndinaona kuti malaya awo anali okwinyikakwinyika.

Chaka chawo chitatha anapita kwa Mayi ndi sutikesi ija. Mayi anawalandira pakhonde, nawapatsa madzi akumwa, n'kuwauza kuti malo sasungidwa, afunsirenso ngati wina aliyense. Anafunsiradi, kudzera mwa azakhali, amene anasiya nkhuku zawo tsiku lathunthu chifukwa cha nkhani imeneyi. Mayi anawalola kubwerera patapita chaka china. Amagona kuchipinda chimene kale chinali chosungiramo katundu.

Ulendo wachitatu koleji inanditenga. Kuofesi ndinapita ndekha.

8

Wamwayi anamaliza maphunziro ine ndikumaliza chaka choyamba. Anandiitana ku mwambo wolandira madipuloma. Ndinadabwa kuona Mayi akusita diresi yawo yabwino m'mawa wa tsikulo.

"Nanunso mukupita?"

"Ndikufuna ndikaone mmene malo ako anagwirira ntchito."

M'holo munali motentha. Ine ndi Mayi tinakhala kumanja. Mayi ake a Wamwayi, mayi wochepa thupi amene ndinali ndisanamuonepo, anakhala kumanzere. Bambo anaima kumbuyo kwenikweni, pakati, pafupi ndi chitseko. Dzina la Wamwayi litaitanidwa, mayi ake anaimirira n'kugwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ine ndinaomba m'manja. Mayi anaomba kawiri, n'kuika manja pamiyendo.

Panja, anthu akujambulitsa, mayi aja anabwera pomwe tinaima. Anayang'ana pansi.

"Mayi, ine za malowo sindinkadziwa."

"Ndikudziwa," Mayi anayankha. "Nanunso mumauzidwa zochepa."

Wamwayi anali kumbuyo kwa mayi ake, dipuloma ili m'manja, akuoneka ngati mwana amene waswa mbale ya eni. Mayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anatambasula dzanja n'kugwira phewa la mkanjo wake.

"Anakusitira ndani mkanjowu?"

"Ndasita ndekha, Mayi."

"Zikuoneka." Anauwongola pang'ono ndi chala. "Diresi ya ukwati wako udzabwere nayo kwa ine."

Wamwayi analira mpaka wojambula anatopa kudikira. Pachithunzi chimene tinajambulitsa tilipo anayi, akazi okhaokha. Bambo ndi amene anagwira zikwama.

*

Owerenga anzanga, ena mwa inu muli ndi ana amene akufuna kupuma chaka asanapitirize sukulu. Ena ndinu anawo. Sindikuletsani. Munthu amatopadi, ndipo pali zinthu zimene sungaziphunzire patebulo la pabalaza. Koma chaka ndi chanu, ndiye mafunso ake mukafunse nokha, ndi pakamwa panu, pawindo la ofesi. Musatume munthu, ngakhale amene anakuberekani.

Anthu akamva nkhaniyi amakonda kunena kuti, "Ndiye kuti zinakuyendera bwino. Unapeza ntchito ya m'manja, unapeza mkulu wako." Ine ndimawauza kuti ayi. Zinanditengera zaka ziwiri, ndi bambo amene ndinkawakhulupirira ngati mmene umakhulupirira pansi poponda. Zabwinozo sizinali mphatso yawo. Ndinachita kuzitola ndekha pakati pa zoswekazo, ndipo zina zinandicheka.

Mkulu wanga ndimamukonda. Mawu akuti "mkulu wanga" ndawaphunzira nditakula, moti nthawi zina amandikolabe pakhosi, koma amatuluka. Bambo ndimawapatsa moni m'mawa uliwonse. Ndimawathirira tiyi. Akadzadwala ndidzawasamalira, ndipo iwo akudziwa zimenezo. Kungoti akandiuza kuti kunja kukugwa mvula, ndimayamba ndatsegula zenera.